Ulimi wa oganiki: umatanthauzanji, umayenda bwanji, ndipo ungadyetse dziko?

Chikwerereni mtengo wa feteleza mu 2021, nkhani ya manyowa yabwereranso pakamwa pa anthu. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022, mtengowo unakweranso pa msika wa dziko lonse. Kuno kwathu kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mabanja ambiri anafika pomangolipenya thumba la feteleza m'sitolo n'kudutsa. Pa wayilesi, m'misonkhano ya alangizi ngakhalenso m'magulu a WhatsApp, mukumveka mawu akuti tibwerere ku ulimi wa oganiki. Ena akuyankha kuti zimenezo n'zoitana njala.

Chovuta n'chakuti otsutsanawo nthawi zambiri sakamba chinthu chimodzi. Wina akati oganiki akunena kuthira manyowa, wina akunena kusiya feteleza, pamene winanso akunena ndiwo zamasamba zodula za m'masitolo akuluakulu a m'tauni.

Ulimi wa oganiki uli ndi malamulo ake

Ulimi wa oganiki ndi ulimi womwe sugwiritsa ntchito feteleza wa m'fakitale, mankhwala a m'fakitale ophera tizilombo kapena udzu, ndiponso mbewu zomwe akatswiri anasintha chibadwa chake, zija amati GMO. M'malo mwake mlimi amadalira manyowa, kasinthasintha wa mbewu, mbewu za m'gulu la nyemba, mitengo, ziweto ndi zamoyo zina za m'munda momwemo.

Maganizowa anakula m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, nthawi yomwe feteleza ankafala ku Ulaya. Mmodzi mwa omwe anawafalitsa ndi Albert Howard, katswiri wa ku Britain yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku India, komwe anaphunzira kwa alimi a kumeneko n'kukonza njira yopangira kompositi mumzinda wa Indore. Mu 1972 mabungwe a ulimiwu anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa IFOAM ku France, ndipo pang'ono ndi pang'ono maboma anayamba kulemba malamulo.

Lero munthu sangangodzuka n'kulemba "oganiki" pa paketi yopita ku Ulaya kapena ku America. Malamulo a European Union amafuna kuti munda wa mbewu za chaka chimodzi ukhale zaka ziwiri ukutsatira ndondomekoyi, ndipo wa mitengo monga khofi, tiyi kapena makademiya ukhale zaka zitatu, zokolola zisanaloledwe kutchedwa dzinali. Ku America ndi zaka zitatu. Mlimi amasunga kaundula wa chilichonse cholowa m'munda, ndipo oyendera amabwera chaka ndi chaka asanapereke chiphaso. Mbewu za hayibulidi n'zololedwa, chifukwa izo zimapangidwa pokwatitsa mitundu basi. Mankhwala ena ochokera ku zomera kapena ku miyala nawonso ndi ololedwa. Choncho zoti mbewu ya oganiki sinapoperedwepo kanthu si zoona nthawi zonse.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mlimi amene walephera kugula feteleza, n'kubzala chimanga chokhachokha pamunda womwewo chaka chachisanu, mapesi atawotcha posaka mbewa, sakuchita ulimi wa oganiki. Akungofinya nthaka. Ulimiwu umayamba ndi zomwe mlimi akubwezera m'munda, ndipo kusiya feteleza ndi mbali yaing'ono chabe ya nkhaniyo.

Nanga ulimi wokhalitsa?

Ulimi wokhalitsa ndi womwe umapatsa banja chakudya ndi ndalama lero popanda kugugitsa nthaka, kuumitsa mitsinje kapena kutha zamoyo zomwe ulimi wa mawa udzadalire. Uwu ulibe chiphaso, ulibenso mndandanda wa zoletsedwa. Umaweruzidwa ndi zotsatira: kodi pakatha zaka khumi munda ukubereka kuposa kale kapena ukucheperachepera?

Njira ziwirizi zimakumana m'malo ambiri koma sizofanana. Ulimi wa mleranthaka, womwe ena amati mtayakhasu, umaletsa kugaula nthaka, umaphimbira munda ndi mapesi ndipo umasinthasintha mbewu. Umateteza nthaka ndithu, komabe ambiri omwe amautsata amathira feteleza ndi kupopera mankhwala ophera udzu, motero si wa oganiki. Chimodzimodzinso manyowa a Mbeya omwe atchuka m'midzi: amasakaniza ndowe, phulusa ndi madeya a chimanga ndi feteleza pang'ono, n'kuzisiya m'thumba lomanga kwa masiku 21. Poti muli feteleza wa m'sitolo, oyendera za oganiki sangawavomereze, ngakhale athandiza alimi kuti feteleza wochepa akwanire malo aakulu. Mbali inayi, munda utha kukhala ndi chiphaso cha oganiki koma uli pamalo otsetsereka opanda migula, dothi likupita kumtsinje mvula iliyonse.

Zomwe zimachitika pansi pa mzere

Mbewu imafuna michere yambiri, koma itatu ndiyo imafunika yochuluka: nayitrojeni wobiriwitsa ndi kukulitsa masamba, fosiforasi wothandiza mizu ndi njere, ndi potaziyamu wolimbitsa mbewu. Ndiwo ma N, P ndi K olembedwa pa thumba la feteleza wokulitsa. Nthaka ili ngati banki m'khonde. Thumba lililonse la chimanga lotuluka m'munda ndi ndalama yotapidwa, ndipo gulu likamangotapa popanda wosonkha, tsiku lina bokosi limapezeka lopanda kanthu. Funso la ulimi uliwonse, wa feteleza kapena wa manyowa, n'lakuti wobweza ndani, ndipo akubweza zingati.

Nayitrojeni ndiye amasowa kwambiri m'minda yathu ya chimanga, chonsecho mpweya womwe timapumawu 78 peresenti yake ndi nayitrojeni. Vuto n'lakuti chimanga sichingamutenge mumpweya. Pali njira ziwiri zikuluzikulu zomutsitsira m'nthaka. Yoyamba ndi ya m'fakitale: mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yomugwirira, ndipo Carl Bosch anaikulitsa kufika pa fakitale mu 1913. Njirayi imadya gasi wochuluka zedi, n'chifukwa chake mtengo wa gasi ukakwera kunja, wa yureya umakweranso ku Mchinji.

Yachiwiri ndi ya chilengedwe. Mukazula mtedza, soya, nyemba, khobwe kapena nandolo mosamala, mumaona timatuza tomamatira ku mizu. M'timatuzamo mumakhala mabakiteriya omwe amagwira nayitrojeni wa mumpweya n'kumupereka ku mbewu, mbewuyo n'kumawadyetsa. Mukatswa kathuza kamodzi n'kupeza m'kati muli mofiirira, dziwani kuti ntchito ikugwirika. Soya nthawi zambiri amafuna kuti mbewu yake ipakidwe kaye mabakiteriyawa musanabzale, chifukwa m'minda yambiri mulibe mtundu womuyenera.

Palinso chinthu china chomwe feteleza sabweretsa, ndicho zowolerana: masamba, mizu, mapesi ndi ndowe zomwe zawola n'kusanduka dothi lakuda lofewa. Zowoleranazi zimasunga chinyezi, zimagwira michere kuti isatsukike ndi mvula, ndipo zimadyetsa nyongolotsi, chiswe, nkhungu ndi tizamoyo tina tomwe timaboola nthaka kuti madzi alowe. Zikachepa, nthaka imauma gwa, madzi amangoyenda pamwamba, ndipo ngakhale feteleza sagwira bwino. Ndi zomwe alimi amatanthauza akamadandaula kuti kale thumba limodzi linkakwana koma lero awiri sakuoneka ntchito yake. Kafukufuku yemwe boma linachita mothandizana ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Dothi lokokolokalo ndi lapamwamba, lomwe lili ndi chonde.

Masamu a manyowa

Tiyeni tiwerengere, chifukwa pa nkhaniyi pamakhala kulonjeza kwambiri. Yureya ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23. Feteleza wokulitsa wa 23:10:5 ali ndi 23 peresenti, ndiye kuti makilogalamu 11.5 pa thumba. Matumba awiri aja omwe mlimi amagula motsika mtengo pa ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi, lokulitsa ndi lobereketsa, amapereka nayitrojeni wokwana makilogalamu 34.5.

Ndowe za ng'ombe zouma za m'khola wamba nthawi zambiri zimakhala ndi nayitrojeni wa pafupifupi 1 peresenti. Kuti mupeze makilogalamu 34.5 omwewo mukufunika matani atatu ndi theka a manyowa, ndipo michereyo situluka yonse chaka chimodzi. Izi ndi ngolo zingapo, kututa, kumwaza ndi kukwirira. Banja lomwe lili ndi mbuzi zitatu ndi nkhuku zochepa silingafikepo. Kompositi wa chimato, wa changu kapena wa m'dzenje amathandiza, koma iyenso amafuna zinyalala zambiri, madzi ndi manja, panthawi yomwe mapesi omwewo akufunidwa ndi ziweto, ophika ndi omanga mipanda. Komanso manyowa sapanga michere yatsopano. Amangosamutsa michere kuchoka kudambo komwe ng'ombe inadya udzu kupita kumunda.

Ichi n'chifukwa chake ulimi wa oganiki wolongosoka umatsamira kwambiri pa mbewu ndi mitengo ya m'gulu la nyemba, chifukwa izo ndi zomwe zimabweretsa nayitrojeni watsopano wochuluka m'munda popanda thumba.

Zomwe zayesedwa kuno kwathu

Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba mu 2000 ogwira ntchito pachipatala cha mishoni ataona kuchuluka kwa ana onyentchera, panthawi yomwe feteleza anali atadula. Alimi eni ake ndiwo ankayesa njira zosiyanasiyana pa timinda tating'ono n'kusankha zowayenera. Imodzi mwa zomwe zinakondedwa ndi kubzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga. Zimagwirizana chifukwa nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, ndiye salimbana ndi mtedza. Mtedza ukakumbidwa, nandolo amatsala yekha, mizu yake yozama ikupeza chinyezi chapansi, masamba akuyoyoka mpaka m'chilimwe. Banja limapeza ndiwo, phala la ana, nkhuni ndi zogulitsa, munda n'kutsala ndi chonde. Mfundo yomwe inaoneka kumeneko, yomwe akatswiri a nthaka amaiwala kawirikawiri, n'njakuti thanzi la ana linkadaliranso amene akulamula zokolola pakhomo ndi amene akusenza ntchito yowonjezerayo. Motero zokambirana za pakati pa amayi, abambo ndi agogo zinakhala mbali ya ntchitoyo.

Msangu makolo athu ankaudziwa kale, n'chifukwa chake ankausiya polambula minda m'madera a m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa. Mtengowu uli ndi khalidwe losemphana ndi inzake: umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphukanso m'chilimwe. Chimanga chapansi pake chimalandira manyowa a masamba popanda kuphimbidwa ndi mthunzi, ndipo ziweto zimadya zipatso zake msipu ukasowa. Kuipa kwake n'kuchedwa, chifukwa pamapita zaka zambiri phindu lisanaoneke. Gilisidiya, mtengo winanso wa m'gulu la nyemba, ndi wofulumirako. Pa malo ofufuzira zaulimi a Makoka ku Zomba, akatswiri anayamba kumubzala pakati pa chimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akumadulira nthambi n'kukwirira masamba, ndipo zokolola zinaposa kutali za munda wosathira kanthu. Kafukufuku wa mtunduwu wasonyezanso kuti masamba akaphatikizidwa ndi feteleza wochepa, chimanga chimachita bwino koposa. Okonda oganiki weniweni sasangalala nayo mfundoyi, ndipo ogulitsa feteleza nawonso saitchula kawirikawiri.

Fosiforasi ndiye mutu wina. Palibe mbewu yomwe ingamutenge mumpweya. Akatha m'nthaka ayenera kuchokera kwina, kaya m'manyowa, m'mafupa ogaya kapena m'miyala. Malamulo a oganiki amalola miyala ya fosifeti yongogaya, yonga yomwe imapezeka ku Tundulu m'boma la Phalombe, koma imasungunuka mochedwa kwambiri.

Tizilombo ndi kaufiti

Munda wa mbewu imodzi yokhayokha umapatsa kachilombo chakudya chosatha. Ulimi wodalira chilengedwe umayesa kusokoneza kachilomboko posakaniza mbewu, ndi kusunga adani ake monga nyerere, mavu, akangaude ndi mbalame, omwe mankhwala amphamvu amapha limodzi ndi mbozi.

Chitsanzo chodziwika chinachokera ku Kenya, komwe bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linakonza njira ina m'zaka za m'ma 1990. Pakati pa mizere ya chimanga amabzala chomera cha m'gulu la nyemba chotchedwa desmodium, ndipo m'mphepete mwa munda amabzala nsenjere. Fungo la desmodium limathamangitsa agulugufe omwe amaikira mazira a kapuchi, pamene nsenjere imawakopa kuti akaikire pa iyo, pomwe mbozi zambiri sizikula. Mizu ya desmodium imatulutsanso timadzi tomwe timameretsa njere za kaufiti koma n'kuzilepheretsa kumamatira ku mizu ya chimanga, choncho zimafa. Njirayi yapezekanso kuti imachepetsa ntchemberezandonda zachilendo zija zomwe zinalowa mu Africa mu 2016, zomwe zinachititsa boma la Malawi kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Cholepheretsa chachikulu ndi kusowa ndi kudula kwa mbewu ya desmodium, ndipo phindu lake limakwanira bwino kwa mlimi yemwe ali ndi ng'ombe kapena mbuzi zodya nsenjereyo.

Alimi ambiri amasinja nimu, ombwe, deliya kapena tsabola n'kupopera. Zina mwa izi zimagwiradi ntchito, ngakhale mphamvu yake imasiyana malinga ndi kakonzedwe. Koma chachilengedwe sichitanthauza chosaopsa. Ombwe ndi yemwe uja anthu ankaphera nsomba m'maiwe, ndiye wotsukira mpope wake kumtsinje akuwononga zomwezo. Chimodzimodzinso chuku: mtedza wosaumitsidwa bwino umagwidwa ndi poizoni wake, kaya unalimidwa ndi manyowa kapena ndi feteleza.

Kodi zokolola zimakwana?

Akatswiri ayerekeza minda yambirimbiri. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Verena Seufert, yemwe anatuluka mu 2012, anapeza kuti minda ya oganiki imakolola mochepera ndi pakati pa 5 ndi 34 peresenti, kutengera mbewu ndi kasamalidwe. Wina wotsogozedwa ndi Lauren Ponisio, wa mu 2015, anapeza kusiyana kwa pafupifupi 19 peresenti, komwe kunatsika kufika pa 8 kapena 9 peresenti pomwe alimi ankasakaniza ndi kusinthasintha mbewu. Mbewu za njere monga tirigu ndi chimanga ndi zina mwa zomwe zimatsalira kwambiri, pamene za m'gulu la nyemba ndi zipatso kusiyana kwake n'kochepa.

Ziwerengerozi zambiri zinachokera m'mayiko omwe alimi amathira feteleza wokwanira. Kumeneko kulowa oganiki n'kutsika kuchoka pamwamba. Kuno mlimi wamng'ono amakolola chimanga cha matani awiri kapena ochepera pa hekitala, ndipo ambiri sathira chilichonse chokwanira. Kwa iyeyo nandolo, kompositi ndi migula zitha kukweza zokolola. Koma kukweza kuchoka pansi sikutanthauza kufika pomwe dziko la anthu oposa 17.5 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2018, likufuna. Otsutsa amanenanso kuti zokolola zikachepa pa hekitala, anthu amalambula nkhalango zina kuti akwanitse, zomwe zimawononga chilengedwe chomwe amafuna kuteteza. Oikira kumbuyo ulimiwu amayankha kuti nthaka ya zowolerana imapirira ng'amba, nkhani yomwe si yaing'ono kwa anthu omwe anaona chilala cha El Niño chikuchititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024.

Dziko la Sri Lanka limatchulidwa nthawi zonse pa mkanganowu. Mu Epulo 2021 mtsogoleri wake Gotabaya Rajapaksa analetsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza ndi mankhwala aulimi, panthawi yomwe dzikolo linalinso pa vuto la ndalama zakunja. Alimi sanakonzekeretsedwe ndipo manyowa okwanira kunalibe. Zokolola za mpunga ndi tiyi zinagwa, dziko linayamba kugula mpunga kunja, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho boma linayamba kubweza lamulolo. Mavuto a zachuma atakula, Rajapaksa anathawa m'dzikomo mu Julayi 2022. Ena amati izi zikutsimikiza kuti oganiki sangadyetse dziko. Ena amati zikungosonyeza kuopsa kwa kusintha zinthu usiku umodzi, n'kutchula chigawo cha Sikkim ku India, chomwe chinayamba ulendowu mu 2003 n'kulengezedwa kuti ndi cha oganiki chonse mu 2016. Komatu Sikkim ndi dera laling'ono la m'mapiri, la anthu ochepa, lomwe linkathira feteleza wochepa kale ndipo limadalira chakudya chochokera m'zigawo zina za India.

Atsogoleri a mu Africa nawonso asintha kalankhulidwe. Ku Abuja mu 2006 anagwirizana zokweza feteleza kufika pa makilogalamu 50 a michere pa hekitala. Atakumananso ku Nairobi mu Meyi 2024, mutu wa msonkhano unali feteleza pamodzi ndi thanzi la nthaka, ndipo manyowa anawerengedwa limodzi ndi feteleza wa m'fakitale. Ndiyo njira yapakati yomwe akatswiri ambiri a nthaka amalimbikitsa, ndipo si ya oganiki.

Chiphaso, msika ndi malo

Phindu la ndalama la oganiki lili pa mtengo wokwera womwe ogula a kunja amalipira. Koma chiphaso chimadula, oyendera amalipidwa chaka chilichonse, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyembekezera zija mlimi amatsata malamulo onse akugulitsa pa mtengo wamba. N'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono amalowa kudzera m'makoparetivu kapena m'makampani ogula, omwe amatenga chiphaso chimodzi cha gulu. Mayiko a kum'mawa kwa Africa anakhazikitsa muyeso wawowawo mu 2007, wokhala ndi chizindikiro chotchedwa Kilimohai, ndipo m'madera ena alimi ndi ogula amayenderana okha m'minda n'kutsimikizirana, njira yotsika mtengo yoyenera msika wapafupi. Pa msika wa Lizulu kapena wa Jenda, wogula tomato amayang'ana kukula kwa mulu ndi mtengo. Kalimidwe kake safunsa.

Malo nawo amaletsa. Banja lomwe lili ndi munda wosakwana hekitala limaopa kupereka gawo lina ku nyemba, poti nsima ndiyo imayeza ngati pakhomo pali njala. Wolima munda wobwereka sangabzale msangu womwe adzadyerere mwini wake. Nandolo amakhala m'munda mpaka m'chilimwe, nthawi yomwe m'midzi yambiri mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, ndiye popanda lamulo la mfumu loletsa ziweto ndi moto wolusa, mlimi mmodzi payekha sangateteze nandolo wake kapena mapesi ophimbira.

Ndipo mbewu yokonza nthaka imalimidwa ngati ili ndi wogula. Nandolo wathu wambiri amapita ku India. Dzikolo litaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja mu Ogasiti 2017, mtengo unagwa kwambiri m'misika ya kum'mwera, ndipo alimi ena anachepetsa kulima mbewuyi. Mu 2021 maboma a Malawi ndi India anasainirana mgwirizano wolola matani 50,000 a nandolo kulowa ku India chaka chilichonse kwa zaka zisanu.